Mango a Palafini a ku Thekerani

Kwa zaka zambiri ntchito yanga inali kulavula. Umu ndi mmene mayi anga ankayankhira anzawo a ku tchalitchi akawafunsa kuti mwana wawo amachita chiyani ku esiteti. Sankanama kwenikweni. Ndinali wolawa tiyi pa fakitale ina kuno ku Thyolo. M'mawa uliwonse ankandindandikira timakapu toyera patebulo lalitali, ine n'kumayenda ndi supuni kuchoka pa kapu iyi kupita pa iyo, kukoka tiyi ndi mpweya kuti fyuu, kumuzunguza m'kamwa, kenako n'kulavulira m'chitini. Ndikangokwinya pamphumi, akapitawo a kowumitsira masamba ankayamba kutuluka thukuta. Ndikagwedeza mutu, fakitale yonse inkapuma bwino. Anthu akuluakulu, ena a imvi, ankaima n'kumayang'ana pakamwa panga, ndipo ine ndinafika pokhulupirira kuti lilime langa silingalakwitse kanthu.

Vuto linali lakuti lilime limeneli sindinkalisiya ku fakitale poweruka. Ndinkapita nalo ku maukwati, kumene ndinkauza amayi ofulula thobwa kuti chimera chawo sichinaume bwino. Ndinkapita nalo kumsika, kumene ogulitsa nanazi ankati akandiona n'kuyamba kuyang'ana kumbali. Kunyumba, mkazi wanga anasiya kundifunsa ngati mchere wakwana, chifukwa pomaliza kuyankha ndiwo zinkakhala zitazizira.

Koma nkhani imene ndinatopetsa nayo anthu kwambiri inali ya mango a kwathu. Kwathu ndi kuseri kwa Thekerani, kumene mapiri amatsetserekera ku Mozambique. Kumunsi kwa mudzi, m'chigwa, kunali munda wa mayi anga, ndipo m'mphepete mwa kamtsinje munali mtengo wa mango. Ndinadya mango a mtengo umenewo ndili mwana, ndipo ndinakula ndikudziwa kuti ena otero kulibe. Munthu akandipatsa boloma wake wabwinobwino, ndinkaluma kamodzi n'kunena kuti, "Eya, ndi mango ndithu. Koma simunalawe a kwathu."

Nkhaniyo inkakula limodzi ndi ine. Poyamba mangowo anali ongotsekemera. Nditakwatira anasanduka opanda ulusi. Nditakwezedwa pa ntchito anafika kukula ngati mutu wa khanda, fungo lake n'kumamveka mpaka kumsewu. Kenako kunabwera agogo aamuna, amene ndinkati ananyamula nthangala ya mtengowo m'chipewa pochoka ku Mozambique. Za chipewazi sindikudziwa kumene ndinazitenga. Zinangotuluka tsiku lina titakhala pa maliro, anthu anazikonda, ine n'kuzisunga.

Mwina mukudabwa kuti bwanji sindinkangopita kukathyola n'kudzatseka anthu pakamwa. Mango amapsa nthawi ya mvula, ndipo nthawi ya mvula ndi pamene tiyi amaphuka ngati wapenga. Fakitale sigona, tchuthi sichipezeka. Kumudzi ndinkapita pa maliro ndi pa zinkhoswe, n'kuthera kumtunda, kunyumba kwa achemwali anga aakulu, amene anatsala ndi munda wa mayi. Kuchigwa ndinali ndisanatsikeko chichokere ku sekondale. Chaka china ndinatumiza uthenga kuti anditumizireko mango aja okoma. Iwo anatumiza dengu la maboloma a pafupi ndi tchalitchi. Ndinauza mkazi wanga kuti achemwali ayamba umbombo, enieniwo akudya okha.

Ndiye tsiku lina mu Febuluwale, ndili pakati pa makapu, anandiitana ku ofesi. Amanejala athu, munthu wa ku Ntcheu woseka ndi mapewa, anali atakhala ndi mayi wina wachilendo wovala nsapato za m'thengo. Amanejalawo nkhani ya mango anali ataimvapo kangapo, nthawi zina ali pa liwiro.

"Ndi awa," anatero pondiloza. "Akatswiri athu. Mukawafunsa za mango, mukonzeretu pogona."

Mayiyo anadzuka n'kundipatsa moni. Anati ndi wa ku Rumphi, koma amagwira ntchito kumalo ena ofufuzira za ulimi. Anali akuyenda m'maboma osiyanasiyana kulemba pa mapu mitengo ya zipatso: mtundu uti uli kuti, pamtunda kapena m'chigwa, umabereka liti, anthu amautcha chiyani. Akapeza wachilendo ankatengako masamba, timphukira ndi nthangala kuti akadzale m'munda wosungiramo mitundu. Ku esiteti kwathu anabwera kudzapempha chilolezo choona mapeyala akale a m'makompaundi.

"Mukudziwa mmene nthochi zinathera ndi matenda a chisaka kuno," anatero. "Pali mitundu ina imene anthu akuitchula lero koma palibe amene ali ndi mphukira yake. Mitengo yakale ikuthera mu uvuni wa njerwa, m'malo mwake aliyense akudzala yokwatitsa yofananafanana. Tikufuna tidziwe chimene tili nacho chisanathe."

Ndinamvetsera mwaulemu, koma m'mutu mwanga ndinali nditayamba kale kukonza nkhani. Nditapatsidwa mpata ndinaifotokoza yonse, ndi chipewa chomwe. Mayiyo sanadzidzimuke ndi kukula kwa mango, ngakhale fungo lofika kumsewu. Anangofunsa kuti amapsa liti.

"Chimanga chikamamasula," ndinatero. "Ngati panopa."

"Mu Febuluwale? Ena onse atatha?"

"Ndakuuzani kuti si mango wamba."

Anandifunsa ngati ndingakamuonetse. Ndinavomera asanamalize n'komwe kufunsa. Amanejala anandipatsa tsiku la mawa lake, mapewa akugwedezeka, n'kunena kuti ndikabwere nawo okwanira ofesi yonse.

Nditamuuza mkazi wanga madzulo, anasiya kusankha nyemba n'kundiyang'ana.

"Abambo, mtengowo munauona liti?"

"Mtengo suthawa."

"Sindikunena zothawa. Ndikuti mukutenga anthu a galimoto, a mafuta awo, kupita nawo kukaona chinthu chimene munadya muli ndi kabudula wong'ambika kumbuyo."

Ndinamuuza kuti za lilime iye sangazimvetse. Anati chabwino, koma ndivale magambutsi. Ndinavala nsapato zanga za ku ofesi, zakuda, zopukuta, chifukwa ndinkaona kuti pangakhale kujambulidwa.

Tinanyamuka m'mawa ndi galimoto yawo. Tinalipo atatu: mayi wa ku Rumphi, ine, ndi adalaivala, bambo wa thupi amene ankathandizanso kunyamula bokosi la zipangizo. Ine ndinkaganiza kuti tingolunjika ku mtengo wanga. Ayi. Titangotuluka m'minda ya tiyi, mayiyo anayamba kuimitsa galimoto paliponse. Apa mpeyala wa zipatso zazitali ngati chikho. Apo mgwafa wofiira m'kati. Pafupi ndi Masambanjati anathera nthawi yaitali pa mpoza wina wopindika umene unali kuseri kwa khola la mbuzi, akucheza ndi mwini wake ngati apeza wachibale. Pamtengo uliwonse ankaima ndi kachipangizo konga foni mpaka kagwire malo ake enieni, ankayeza tsinde ndi tepi, kujambula, n'kuika masamba mu envulopu.

Ine ndinkatsatira pambuyo, manja kumbuyo, n'kumapereka maganizo amene palibe anandifunsa. Peyala lija ndinati lachuluka madzi. Gwafa ndinati ndi wa ana asukulu. Pa mpoza ndinayang'ana wotchi moonetsera.

"Mayi, musathere maenvulopu pa zinthu zazing'onozi," ndinatero. "Kutsogoloku muwafuna."

Adalaivala anali atayamba kale kumeza malovu. Anandifunsa ngati mtengowo uli ndi mwini wovuta, chifukwa iwo anali ndi thumba pansi pa mpando.

Tinafika kwa achemwali dzuwa lili pamutu. Anali akuanika makaka a chinangwa pamkeka, mvula itapereka mpata, pomwe amuna awo, alamu anga, ankasoka dengu pakhonde. Titalonjerana ndinafotokoza chimene tabwerera, ndi mawu okweza pang'ono kuti a nyumba zoyandikana amve.

"Mtengo uti, achimwene?" anafunsa achemwali.

"Uja wa kuchigwa. Wa pakamtsinje."

Achemwali anayang'ana alamu. Alamu anayang'ana dengu. Kenako achemwali ananena kanthu m'Chilomwe, mwachangu, ndipo Chilomwe changa chimene chinachita dzimbiri ku ofesi chinangogwirapo mawu amodzi, akuti "msiyeni". Ndinaganiza kuti ndi nsanje.

"Tiyeni," anatero achemwali akumanga chitenje. "Izi ndikazione ndi maso anga."

Njira yotsikira kuchigwa sinali mmene ndinaisiyira. Ndili mwana ndinkaitsika chothamanga. Tsopano inali yoterera, yotsetsereka ngati denga, ndipo nsapato zanga za ku ofesi zinkafuna kufika pansi ine ndisanafike. Ndinayamba ndili patsogolo monga wotsogolera ulendo. Pamphambano ndinakhotera kumanja molimba mtima, achemwali n'kundisiya ndiyende kaye mpaka ndinakaima pakhomo pa chimbudzi cha munthu wina, ndiye pamene anandiitana. Patsogolo pang'ono miyendo yonse inanyamuka nthawi imodzi, ndinakhala pansi kuti khu, n'kutsetsereka ndi matako mpaka phata la nandolo linandigwira. Adalaivala anandidzutsa ndi dzanja limodzi, lina lili pa bokosi. Palibe anaseka. Zimenezo zinandipweteka kuposa kugwako.

Kamtsinje, kamene ndinkauza anthu kuti tinkasambiramo, kanali koti nkhuku ingadumphe. Koma mtengo unalipo. Unali waukulu kuposa mmene ndinkakumbukira, masamba ake obiriwira mpaka kuda, nthambi zitalemedwa ndi zipatso mpaka kukhudza chimanga cha alamu. Chigwa chonse mitengo ina ya mango inali itatsala masamba okha, koma uwu unali mbwee.

"Mwaona!" ndinakuwa, nditaiwala matope a kumbuyo kwanga. "Ndinanama?"

Pali zinthu zimene munthu wa maso akanaziona pomwepo. Mangowo sanali ngati mutu wa khanda. Anali ngati dzira la bakha. Pansi pa mtengo panali mango akugwa okhaokha, ena achikasu, ena owola, moti pena sunkaona dothi. Ndipo pansi pomwepo pankadutsa njira ya ku sukulu ndi ku chigayo. Mtengo wa mango okupsa, panjira, nthawi yoti mango atha, koma popanda mwala kapena chikuni chimodzi chosonyeza kuti wina anagendapo. Ine zonsezo sindinazione. Ndinangoona kuti pa tsinde pali chilonda cha nkhwangwa, ndipo ndinatembenukira alamu mokwiya.

"Ndani akufuna kudula chuma chimenechi?"

"Ndine, alamu," anayankha mofatsa. "Ndikufuna kuwotcha njerwa za khitchini. Ndangodikira mvula ithe."

Ndinawauza mawu angapo okhudza anthu osadziwa mtengo wa zinthu. Iwo anangotola bango limodzi lokupsa bwino, kulipukuta pa malaya, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Lawani, alamu. Paja ndi ntchito yanu."

Panthawiyi panali patasonkhana anthu. Amayi awiri ochokera ku chigayo anatula matumba awo. Bambo wina amene ankapalira tsidya lina anawoloka ndi khasu lake. Onse anali atamva kuti mlongo wawo wa achemwali, uja amalipidwa chifukwa cha lilime, wabwera ndi alendo a galimoto kudzalawa mtengo uja. Ndinaimirira bwino. Ndinalinunkhiza bangolo monga ndimachitira ndi masamba a tiyi, ndipo mphuno inayesa kundichenjeza, koma ndinati ndi fungo la matope. Ndinasenda ndi mano n'kuluma kwambiri.

Choyamba chinali kuwawasa kumene kunathamangira m'makutu. Kenako kunabwera kuwawa, kwa pansi pa lilime. Pomaliza m'kamwa monse munadzaza palafini, ngati ndanyambita chingwe cha koloboyi. Ulusi unalowa pakati pa mano onse, ngakhale amene ndinkayesa kuti alibe mpata. Thupi langa, mwa chizolowezi cha zaka zonse zija, linafunafuna chitini cholavuliramo. Chitini panalibe. Panali maso a anthu okhaokha. Ndinameza.

Ku fakitale tinaphunzitsidwa kusaonetsa pankhope zimene zili m'kamwa, ndipo maphunziro amenewo anandithandiza kwa kanthawi. Diso lamanzere lokha ndi limene linatuluka msozi.

"Ali bwanji?" anafunsa mayi wa ku Rumphi.

"Ali ndi mphamvu," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono. "Kukoma kwake kumabwera mochedwa."

"Tidikire?" anafunsa adalaivala, ndi mtima wonse.

Apa ndi pamene achemwali analephera kupirira. Anaseka mpaka kukhala pansi pa mzera wa chimanga. Amayi a ku chigayo anagwirana m'mapewa. Adalaivala, osakhulupirira, anatola lawo n'kuluma, ndipo analavula kutali moti nkhuku ina inathawa. Mayi wa ku Rumphi anadula kachidutswa ndi mpeni, anatafuna pang'onopang'ono, n'kutembenuka kuyang'ana phiri kwa nthawi ndithu. Mapewa ake ankanjenjemera.

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati mwina mtengo wakalamba. Ndinati mwina nthaka yasintha. Ndinafika ponena kuti mwina uwu ndi mwana wa mtengo uja, weniweniwo unagwa.

"Ndi womwewu, achimwene," anatero achemwali akupukuta misozi ndi chitenje. "Sunasinthepo. Ngakhale nkhumba zimayamba zanunkhiza n'kupita."

"Nanga ine ndinkadya chiyani?"

Achemwali anasiya kuseka. Anandiyang'ana ngati mmene ankandiyang'anira kale akamandisambitsa.

"Simukukumbuka? Chinali chaka chija cha njala, inu mutangoyamba sukulu. Mango abwino anthu anamaliza akadali aawisi. Chinangwa chinatha. Pofika mwezi uno kunalibe kanthu, chimanga chikadali kumasula. Mtengo uwu wokha ndi umene unatsala, poti ngakhale akuba ankaudutsa. Amayi ankatsika kuno ndi dengu, kukawaphika mumphika waukulu, kutaya madzi oyamba, kuphikanso. Ife tinkadya titatsina mphuno. Inu munkanyambita mbale, n'kumalirira ya ine."

Ndinakhala pa mwala. Ndinakumbukira mphika uja, wakuda, wothyoka khutu limodzi. Ndinakumbukira kutentha kwa phala lachikasu m'manja, ndi mimba itasiya kulira. Kukoma kumene ndinakhala ndikuuza anthu zaka zonsezo kunali kumeneko. Kunalidi, sindinanamepo. Kungoti sikunali m'bango.

Mayi wa ku Rumphi anandisiya ndipume. Koma poti ntchito ndi ntchito, anafunsa achemwali za mbiri ya mtengowo. Ndinayesa kuwaphethira diso. Sanandione, kapena anandiona.

"Akuti agogo anu anabwera ndi nthangala m'chipewa kuchokera ku Mozambique?"

"Agogo?" anatero achemwali. "Agogo chipewa anachionera kuno, atayamba ulonda ku esiteti. Mtengowu unangomera wokha. Apa ndi pamene anthu ankapumira pochokera ku chigayo. Wina anadya n'kutaya, mwinanso anataya osamaliza."

Ndinaimirira n'kupepesa mlendoyo. Ndinati ndamuonongera tsiku ndi mafuta, tiyeni tizikwera dzuwa lisanapendeke. Koma iye sankandimvera. Anali atagwada pansi pa mtengo, akung'amba mango akugwa limodzi ndi limodzi n'kumayang'ana m'kati. Anaitana adalaivala kuti abweretse bokosi.

"Taonani," anatiuza. "Mvula yonseyi, khungu lake lilibe mawanga akuda. Ndang'amba onsewa, sindinapeze mphutsi. Ukubereka chonchi popanda wousamala, pamalo a miyala, nthawi imene ena onse atha. Amayi, umabereka chaka chilichonse?"

"Sulumpha," anayankha alamu mowawidwa mtima. "Ukanamalumphako bwenzi tikupuma."

"Koma mayi," ndinatero, "mwaulawa nokha."

"Ndaulawa, ndipo sindidzaiwala," anatero akuseka. "Koma mitengo yokoma ili ndi oisunga ambiri. Yotere ndi imene imayamba kugwa, ndipo imapita ndi zonse zimene inali nazo. Mwina tsinde lake lingathandize pokwatitsa. Mwina muli china chimene chimathamangitsa tizilombo. Mwinanso mulibe chilichonse. Sindingalonjeze. Koma ukasanduka njerwa sitidzadziwa."

Anagwira ntchito pa mtengowo nthawi yaitali kuposa pa mtengo wina uliwonse tsiku limenelo. Anatenga malo ake ndi kachipangizo kaja, anayeza tsinde, anadula timphukira n'kutikulunga m'chiguduli chonyowa, anasankha nthangala. Ine anandipatsa ntchito yogwira tepi. Atafunsa kuti anthu amautcha chiyani, ndinakonza kukhosi kuti ndipereke dzina laulemu, loyenera kulembedwa pa mapu. Alamu ananditsogolera.

"Timangoti wa palafini."

Analemba choncho.

Kenako anapempha kuti mtengowo usadulidwe, ngakhale kwa zaka zingapo, mpaka aone ngati zimene watengazo zagwira. Alamu anayamba kudandaula. Anati mthunzi wake ukupha chimanga, zowola zikuitana ntchentche, ndipo chaka chilichonse amathyoka msana pozikokolola. Anali ndi mfundo. Koma munda ndi wa achemwali, monga mmene zimakhalira kwathu, ndipo iwo ndi amene anagamula.

"Mtengowu sudulidwa," anatero. "Unatidyetsa. Njerwa tikawotchera bulugamu. Koma amene wautchukitsa mpaka kuuitanira galimoto, azibwera kudzatola zowola."

Anthu onse anandiyang'ana. Ndinavomera msanga, podziwa kuti mwezi wa Febuluwale fakitale sidzandimasula.

Kukwera phiri kunali kovuta kuposa kutsika. Nsapato imodzi inasiya chidendene m'matope. Achemwali anatipakulira nyemba za kalongonda, ndipo ndinadya osanenapo kanthu za mchere. Ponyamuka anandinyamulitsa jumbo ya mango, ati amanejala anapempha. Adalaivala thumba lawo silinatulukenso pansi pa mpando, ndipo tinayenda njira yonse mawindo ali otsegula.

Jumbo ija ndinafuna kuitaya pa mlatho, koma mayi wa ku Rumphi anali akundiona. Ndinafika nayo kunyumba. Mkazi wanga anayang'ana buluku langa, n'kuyang'ananso nsapato. Anatsuka bango limodzi, analuma, anatafuna, n'kumeza bwinobwino.

"Ndiye awa ndi amene ankaposa ndiwo zanga," anatero, n'kupita kukanditenthetsera madzi osamba.

Ku fakitale nkhani inafika ine ndisanafike, chifukwa adalaivala anagona ku esiteti ndipo anali munthu wochezeka. Nditalowa m'chipinda cholawira, ndinapeza bango limodzi litakhazikidwa pa sosala kumapeto kwa mzera wa makapu. Akapitawo a kowumitsira masamba, amene ndinawatulutsa thukuta kwa zaka, anaima pakhomo nkhope ili gwa. Tsiku limenelo nditanena kuti tiyi wapserera pang'ono, anandifunsa mwaulemu ngati kukoma kwake sikukubwera mochedwa.

Patapita miyezi, mayi wa ku Rumphi anandiimbira foni. Anati nthangala zamera ndi mphamvu, timphukira tina tagwira, ndipo mitengo yaing'onoyo ili pa mzera wake m'munda wosungira, pakati pa mango a ku maboma ena. Anati zotsatira zenizeni zitenga zaka. Ananditumizira chithunzi cha mapu, ndipo kumunsi kwa Thekerani kunali kadontho kamodzi kofiira, kali kokha. Ndinakayang'ana kwa nthawi yaitali. Ndinafuna kukaonetsa anthu ku ofesi, koma ndinaganiza kawiri.

Chimene sindinachiwerengere n'chakuti chaka chotsatira ndinapuma pa ntchito. Chimanga chitangoyamba kumasula, uthenga unafika wochokera kwa achemwali: mango agwa. Ndinalibenso pobisala. Kuyambira pamenepo, mwezi wa Febuluwale ndimakwera minibasi ndi magambutsi m'jumbo, n'kukatsika chigwa chija chammbuyo, nditagwira udzu. Alamu anakumba dzenje kumapeto kwa munda. Ine ndimakokolola zowola ndi fosholo, kuthira mu ndowa, kukakhuthula m'dzenje, kubwereranso. Alamu amakhala pa mwala n'kumandiuza pamene ndasiya. Dzenjelo tsopano lazunguliridwa ndi timitengo ta mango tomera tokha, tonenepa, tambirimbiri, ndipo alamu akuti mtundu umenewu sunafunikire kusungidwa ndi munthu aliyense, ukanadzisunga wokha.

Ulendo wathawu, pobwerera, ndinasamba m'manja ndi sopo kawiri ndisanapite ku siteji. Minibasi itangoyenda pang'ono, mayi amene ndinakhala naye pafupi anatsegula windo. Wa kutsogolo anatsegulanso lake. Kondakitala ananunkhiza uku ndi uku, kenako anamenya denga kuti galimoto iime.

"Madala, mwanyamula palafini?"

Ndinati ayi, ndi mango. Anayang'ana m'jumbo, anapeza magambutsi okha. Anawatenga n'kukawamangirira kunja, kumbuyo, pamodzi ndi mitolo ya nzimbe, ndipo ine anandisamutsira pampando wakumapeto. Ndinakhala pamenepo mpaka ku Thyolo boma, mvula ikundiwaza pa windo limene anandiletsa kutseka.